Khonde nalonso ndi chipinda cha nyumba

Munthu akagula poloti ku Area 49, ku Chileka kapena ku Luwinga n'kupita kwa wojambula mapulani, nkhani imayambira pa zipinda zogona. Zikhale zingati, cha makolo chikhale ndi bafa lakelake, pabalaza pakhale potakasuka kuti masofa akwane. Za khonde zimakambidwa kumapeto, wojambula ali pafupi kupinda pepala. Ntchito ikafika pokhoma denga, ndalama zitayamba kuvuta, mwininyumba ndi mmisiri amakhala pansi kufufuza pochepetsa, ndipo chala cha mmisiri chimatera pomwepo.

"Bwana, apa tingodulapo mita imodzi. Malata angapo apulumuka, ndi simenti yomwe."

"Dulani, amisiri. Khonde sitigonapo."

Chotsalapo ndi kamalo kongokwana chopondera mapazi ndi mphika umodzi wa maluwa. Nyumba imatha, penti imawala, makatani amapachikidwa. Kenako Okutobala amafika. Dzuwa likapendeka, banja lonse limanyamula mipando ya pulasitiki n'kukaunjikana mumthunzi wa mpanda kapena m'galaja, pafupi ndi matayala a galimoto, chifukwa m'nyumba yomwe anaivutikira zaka zambiri simukukhalika.

Ndimakhulupirira kuti kwathu kuno kukonza ndi kukongoletsa m'kati mwa nyumba kuyenera kuyambira pakhomo, pamene nyumba imakumana ndi bwalo. Miyezi yambiri ya pachaka moyo wathu umachitikira pamenepo. Tikamasankha masofa, matailosi ndi mtundu wa penti malo amenewa tisanawaganizire, timakongoletsa zipinda zomwe anthu amazithawa masana onse.

Pamene mlendo amafikira

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi, ndipo kumeneko nzeru imeneyi sinatayike. Nyumba ya kumudzi ili ndi magawo omwe aliyense amawadziwa popanda womuphunzitsa. Pali bwalo losesedwa m'mamawa, pomwe aliyense angadutse. Pali khonde, lokwezedwa pang'ono, lomwe denga laudzu limalifunda mothandizidwa ndi nsanamira. Pali pabalaza. Kenako kuchipinda, komwe mlendo sapondako.

Mlendo amaima pabwalo n'kunena kuti, "Odi kuno!" Akamuyankha kuti, "Eee, fikani," amamutulutsira mpando kapena kumuyalira mphasa pakhonde. Moni amapatsirana pomwepo, madzi akumwa amabwera pomwepo, ndipo nkhani zambiri zimathera pomwepo. Wobwera kudzapempha moto, wogulitsa usipa, mnyamata wotumidwa ndi anyakwawa, onsewa amalandiridwa mwaulemu popanda mwininyumba kuonetsa zam'kati mwake. Mkamwini amene mwambo sumulola kukhala maso ndi maso ndi apongozi ake amapeza pokhala chapatali koma pomveka mawu. Pakagwa zovuta, amayi amakhala m'nyumba ya siwa, abambo panja, ndipo uthenga wa mbali ziwirizi umadutsira pakhonde.

Pa malo omwewa ndi potonolera chimanga, posankhira nyemba, polukira tsitsi, poseweretsa bawo, pogoneka khanda amayi akupeta. Nkhuni zouma za m'dzinja zimasungidwa kumapeto kwake.

Amene anaonapo mayi akuzira khonde amadziwa kuti ndi ntchito ya luso. Amakatapa mtsiro kudambo, wakuda kapena wotuwa, n'kuusungunula m'chidebe mpaka usalale. Amagwada n'kuyambira kukona ya kutali, akubwerera chammbuyo kuti asaponde pomwe wadutsa kale. Dzanja limayenda mozungulira, likusiya mizere yopindika yotsatizana bwino. M'mphepete mwa khoma amadutsamo ndi dothi la mtundu wina, kulemba lamba wowongoka popanda chingwe. Pakayamba kuuma amakhuluza ndi mwala wosalala mpaka pawale. Ana amauzidwa kuti azungulire kuseri. Pofika madzulo pansi pamakhala pozizirira, popanda fumbi, ndipo fungo la dothi lonyowa limalowa mpaka m'nyumba. Mayi ameneyu sanapite kusukulu yokongoletsa nyumba, koma wachita zomwe akatswiri a ntchitoyi amalimbikira: wasankha mtundu, walemba malire, ndipo walumikiza pansi pa panja ndi pa m'nyumba ndi chinthu chimodzi.

Khonde limatetezanso nyumba yeniyeniyo. Khoma la zidina kapena la njerwa zomangira dothi limaopa madzi kuposa china chilichonse. Denga likatulukira kunja mokwanira, mvula imagwera kutali, ndipo chitunda cha khonde chimaletsa madzi othamanga kunyambita maziko. Mvula ikagwa masiku otsatizana, monga inachitira nthawi ya namondwe wa Freddy m'Malichi 2023, makoma opanda chotchinga amamwa madzi kuyambira m'munsi mpaka kufewa.

Momwe linachepera

Azungu oyamba kumanga kuno nawonso anaona kuti dzuwa lathu silichitirika mwina. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ndi yosanja ndipo makonde ake ndi otakasuka. Mpaka lero munthu akakhala pamenepo masana amamva kuzizirira kopanda makina. Nyumba zakale za boma ku Zomba ndi za m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje zinatsata njira yomweyo: denga lalitali, khonde lakuya, zitseko zingapo zotulukira panja. Tisaiwale kuti makonde amenewo analinso malire a tsankho, pomwe munthu wakuda ankaimitsidwa chipewa chili m'manja. Koma kamangidweko pakokha kanali kolondola, ndipo sikanali kachilendo kwa amisiri akuda omwe anaumba njerwazo.

Kuchepa kunadza ndi tauni. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, linali ndi ntchito yomanga nyumba zambiri ndi ndalama zochepa, ndipo m'malo ngati Nkolokosa, Kanjedza ndi Area 18 makonde anatuluka aang'ono. Mabanja atakula, ambiri anawatseka ndi njerwa kuti apeze chipinda cha anyamata kapena kagolosale. Palibe angawadzudzule, chifukwa mwana ayenera kupeza pogona. Ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Zingwangwa eni mapoloti anamanga nyumba za mdadada mpaka kumalire, moti mpata wotsala ndi wongodutsa munthu atanyamula ndowa. Kenako kunabwera mantha a akuba, mipanda ya njerwa inakwera, zitsulo zinadzadza m'mawindo, ndipo wailesi yakanema inakokera aliyense pabalaza.

Masiku ano kwabweranso zithunzi za pa foni. Munthu amaonetsa mmisiri nyumba ya ku Dubai kapena ku Johannesburg, ya denga lobisika kuseri kwa khoma ndi magalasi kuyambira pansi mpaka kumwamba, n'kunena kuti, "Ndikufuna ngati iyi." Denga lobisika silitulukira kunja ngakhale pang'ono, choncho khoma ndi mawindo zimalandira dzuwa ndi mvula yonse. Nyumba zotere ku Dubai zimadalira makina oziziritsa usana ndi usiku. Kwa ife, kumene magetsi ndi odula ndiponso amathimathima, galasi lalikulu lopanda mthunzi limasandutsa pabalaza uvuni.

Funsani dzuwa kaye

Funso loyamba pa poloti lisakhale lakuti msewu uli kuti. Likhale lakuti dzuwa limayenda bwanji pamalopo. Dziko lathu lili kummwera kwa equator, pakati pa madigiri 9 ndi 17, ndipo zimenezi zili ndi phindu lomwe ambiri sitiligwiritsa ntchito.

Titenge Lilongwe, yemwe ali pa madigiri pafupifupi 14. M'mwezi wa Juni, nthawi yachisanu, dzuwa la masana silifika pamutu. Limadutsa chakumpoto, litakwera madigiri pafupifupi 52. Kumapeto kwa Okutobala limakhala paliwombo penipeni, m'Disembala limapendekera pang'ono kummwera, ndipo pakati pa Febuluwale limabwereranso pamutu. Tanthauzo lake ndi ili: khonde loyang'ana kumpoto, lomwe milomo ya denga lake ili mamita 2.4 kuchokera pansi, limalowetsa dzuwa la masana pafupifupi mamita 2 m'kati mwake m'Juni, pomwe agogo akufuna kuwothera. M'Okutobala, kutentha kutafika pachimake, khonde lomwelo limakhala mumthunzi masana onse. Denga limodzi likugwira ntchito ziwiri popanda wolikhudza.

Kumpoto kulinso ubwino wina. Mphepo ya mwera, ndi chiperoni chomwe chimakuta Blantyre, Thyolo ndi Mulanje ndi nkhungu ndi mvula yowaza, zimachokera kummwera chakum'mawa. Khonde la kumpoto limakhala kuseri kwa nyumba, kobisika ku mphepo yozizirayo.

Mbali yovuta ndi ya kumadzulo. Kuyambira cha m'ma 3 koloko dzuwa limatsika n'kumalowa cham'mbali, ndipo palibe denga lomwe lingalitchinge. Khoma la kumadzulo limamwa kutentha masana n'kumakutulutsira m'chipinda usiku, n'chifukwa chake zipinda zina zogona zimakhala zotentha mpaka pakati pa usiku. Ngati poloti yakukakamizani kuyang'ana kumadzulo, chotchinga chiyenera kukhala choimirira: mtengo wa mthunzi, khoma la njerwa zamabowo, mpanda wa nsungwi woyangapo maluwa, kapena mphasa zopachika zomwe mungazitsitse masana n'kuzipinda madzulo. Kum'mawa n'kwabwino kwa kakhonde komwera tiyi, chifukwa dzuwa la m'mawa silipweteka.

Malamulowa amasintha ndi dera. Ku Mzuzu ndi ku Dedza, komwe kuzizira kumaluma, dzuwa la Juni ndi chuma ndipo khonde lisakhale lakuya mopitirira mpaka kudetsa pabalaza. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, komwe kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo anthu amagona panja, chofunika ndi mthunzi mbali zonse ndi mpata woti mphepo idutse nyumba yonse. Kunyanja munthu amafuna kuona madzi, koma aganizirenso mwera wa m'Julayi. Za kumene mvula yamkuntho imawombera, afunseni anansi omwe akhalitsa pamalopo, ndipo yang'anani makoma awo kuti ndi mbali iti yomwe penti inasuluka.

Kukula kwa khonde n'kumene ambiri timalakwitsa. La mita imodzi ndi njira chabe. Munthu akakhala pampando, mawondo ali kale padzuwa. Kuti wina akhale, wina n'kudutsa kutsogolo kwake atanyamula thireyi, pamafunika mamita osachepera 1.8. Kuti pakwane tebulo lodyera ndi mipando mbali zonse, pamafunika mamita 2.5 mpaka 3. Ndalama zikachepa, ndi bwino kufupikitsa khonde m'litali n'kulisiya lakuya, kusiyana ndi kuzunguliza nyumba yonse ndi kakhonde kowonda komwe palibe angakhalepo.

Phunziro la ku Kasungu

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima si nyumba ya munthu wolemera. Ndi chidikiro cha amayi oyembekezera pa chipatala cha boma cha Kasungu, chomwe akatswiri a MASS Design Group anajambula ndipo chinatha mu 2015. Boma, kudzera mu ntchito ya uchembere wabwino yomwe inalimbikitsidwa nthawi ya Pulezidenti Joyce Banda, linkamanga zidikiro kuti amayi a kutali azidikirira tsiku lawo pafupi ndi chipatala. Pulani yomwe inalipo inali ya chinyumba chimodzi chachitali chokhala ndi mabedi m'mizere.

Akatswiriwo anaona chinthu chomwe Mmalawi aliyense amachidziwa: mayi wodikira sakhala pabedi tsiku lonse. Amaphika, amachapa, amacheza ndi anzake, ndipo amabwera ndi womudikirira, kaya ndi mayi ake, apongozi kapena mchemwali. Zonsezi zimachitikira panja. Choncho anaphwanya chinyumba chija kukhala tinyumba tating'onoting'ono togona anthu ochepa, toyang'anizana mozungulira mabwalo. Madenga anawatulutsa kwambiri mpaka kukumana, kotero kuti munthu amayenda kuchoka kogona kupita kophikira kapena kochapira ali mumthunzi, osanyowa ndi mvula. Pansi pa madengawo anamangapo mabenchi. Makoma ndi a njerwa za dothi lotsendera ndi makina, losakaniza simenti pang'ono, zosawotcha ndi nkhuni.

Zipinda zogona n'zazing'ono, ndipo malo aakulu anaperekedwa ku mpata wa pakati pa zipindazo. Aliyense amene akumanga nyumba ya banja angatengepo nzeru imeneyi. Chipinda chogona cha mamita 5 mbali zonse, chomwe munthu amalowamo usiku wokha, chikhoza kuchepa kuti khonde lomwe anthu asanu amakhalapo tsiku lonse likule.

Pamsoko penipeni

Tsopano tifike pomwe m'nyumba ndi panja zimalumikizana, chifukwa luso la wokongoletsa limaonekera pamenepa.

Chitseko chimodzi chopapatiza chimapangitsa khonde kukhala malo ena, akutali ndi pabalaza. Zitseko ziwiri zotsegukira mbali zonse, zomwe zimapereka mpata wa mamita 1.5 kapena 1.8, zimasandutsa malo awiriwa chipinda chimodzi chachikulu tsiku la chinkhoswe kapena la mapemphero a mlaga. Sipafunika magalasi otsetsereka odula aja, omwe njanji yake imadzadza mchenga ndipo theka lokha ndi lomwe limatseguka. Zitseko za matabwa zokhala ndi magalasi ang'onoang'ono, zomwe kalipentala wa pamsika angapange, zimakwanira. Kukitchini, chitseko chodulidwa pakati, chotseguka kumtunda pansi pali potseka, chimatulutsa utsi n'kuletsa nkhuku ndi mwana wokwawa.

Mphepo siilowa m'nyumba ngati ilibe potulukira. Khomo la pakhonde likhale ndi windo kapena khomo lina loyang'anizana nalo mbali inayo, ndipo kabati yaikulu isaime pakati. Timabowo ta mpweya tomwe amisiri akale ankasiya pamwamba pa mawindo tinali ndi ntchito, chifukwa mpweya wotentha umakwera. Ambiri lero amatitseka poti sitikongola. Ndi bwino kutisiya n'kutiphimba ndi waya wa sefa.

Pansi ndi pomwe diso limaweruzira ngati malo awiri ndi amodzi. Mtundu wa pansi pa pabalaza ukapitirira mpaka pakhonde, nyumba imaoneka yaikulu kuposa momwe ilili. Koma matailosi onyezimira omwe adzadza m'mashopu ndi msampha akanyowa, makamaka kwa okalamba ndi amayi oyembekezera. Panja pamafunika okhakhala, a mtundu wofanana ndi a m'nyumba. Simenti yosalaza yopaka polishi wofiira, ija tinakulira, ikadali njira yabwino ndi yotsika mtengo, ndipo mtundu wake umagwirizana ndi dothi lathu la katondo moti fumbi silionekera msanga. Matailosi oyera pakhonde ndi chilango kwa amene amakolopa. Pansi pa khonde patsike masentimita ochepa poyerekeza ndi m'nyumba, ndipo papendekere kunja pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuti madzi a mvula asabwerere kukhomo. Mmisiri athire ndowa ya madzi inu mukuona musanamulipire.

Denga la khonde likakhala la malata okhaokha, masana limawotcha mutu ndipo mvula ikamagwa simumvana. Siling'i ya bango, ya nsungwi zong'alula kapena ya mphasa zokhomera kunsi kwa mitengo ya denga imachepetsa zonse ziwiri ndipo imakongola kuposa mabolodi. Ingofunika kuthira mankhwala a chiswe ndi anankafumbwe isanakhomedwe.

Pa mipando tili ndi mwayi womwe ena amautumizira ndalama kuchokera kutali. Mipando yoluka ndi nsungwi yomwe amisiri a ku Blantyre amagulitsa m'mbali mwa misewu imatumizidwa ku South Africa ndi ku Ulaya, komwe imakhala m'nyumba zapamwamba, pamene ife timathamangira masofa onenepa a nsalu yotentha omwe sangatuluke panja. Mpando woluka ndi wopepuka. Mwana angaunyamule kuchoka pabalaza kupita pakhonde mlendo akafika, ndipo umapitisa mphepo kumsana. Mikeka ya mlaza ya ku Salima ndi ku Mangochi, mapilo okutidwa ndi chitenje chochapika, miphika ya maluwa ya ku Dedza, zonsezi zimakhala bwino mbali zonse za khomo, ndipo zikapezeka uku ndi uku zimamanga malo awiriwa pamodzi. Benchi ya njerwa yomangidwa m'mphepete mwa khonde, ngati mabenchi a baraza omwe ali pamakomo a nyumba zakale za ku Zanzibar, siibedwa, siiwola, ndipo pansi pake mungasungepo nsapato zamatope.

Pa matabwa ndinenepo mawu amodzi. Wina akakutsatsani mkungudza wa ku Mulanje kuti ndi wosadyeka ndi chiswe, akunena zoona, koma mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Mbawa ndi mlombwa nazonso zikusowa. Bulugamu kapena paini wothiridwa mankhwala amagwira ntchito ya nsanamira bwino lomwe, bola asakhudze dothi. Aimikidwe pa kachitsulo kapena pa kachitunda ka simenti.

Khonde lomwe limagwira ntchito kwambiri ndi la kuseri, ndipo ndi lomwe mapulani ambiri alibe. M'nyumba zambiri za m'tauni, ngakhale zokhala ndi kuka ya magetsi, nsima ndi nyemba zimapsa pa mbaula. Amayi kapena mtsikana wantchito amakhala chowerama pakhomo la kitchini, padzuwa kapena pamvula, madzi ali kutali. Khonde la kuseri la mamita 2, lokhala ndi sinki, kauntala ya simenti yofika m'chiuno yoikapo mbaula, ndi malo ouma osungira makala, limasintha moyo wa munthu amene amadyetsa banja lonse. Limapulumutsanso moyo, chifukwa mbaula yoyaka m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, ndipo nyengo yachisanu anthu amafa nawo ali m'tulo.

Akuba, udzudzu ndi fumbi

Walira mvula walira matope. Nyumba yotseguka imaitana zomwe sitizifuna, ndipo amene amatseka makonde awo ali ndi zifukwa zomveka.

Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku, ndipo umakonda kulowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Mpata umenewo utsekedwe, mawindo akhale ndi waya wa sefa, ndipo khomo lalikulu likhale ndi chitseko chachiwiri cha sefa chodzitsekera chokha. Amene angathe atchinge mbali imodzi ya khonde ndi sefa kuchokera pansi mpaka kudenga, kuti banja lizidyera mgonero pamphepo. Izi sizilowa m'malo mwa neti yogonamo. Tisiyenso kuika timbale ta madzi pansi pa miphika ya maluwa, ndipo ngalande ya madzi a padenga isasiye chithaphwi pafupi ndi nyumba.

Za chitetezo, funso ndi lakuti zitsulo ziikidwe pati. Ambiri amazinga khonde lonse ndi zitsulo, ndipo wokhalapo amaona dziko kudzera m'mipiringidzo. Njira ina ndi kulimbitsa khomo lenileni la nyumba ndi geti yachitsulo yopindika, yomwe masana imakankhidwira kukhoma, n'kulisiya khonde lotseguka lokhala ndi zinthu zopepuka zolowetsa usiku.

Mpanda wa njerwa, poti tavomereza kuti ulipo, ukhoza kusanduka bwenzi. Katswiri wojambula nyumba wa ku Sri Lanka, Geoffrey Bawa, yemwe anabadwa mu 1919 n'kumwalira mu 2003, anakumana ndi vuto longa lathu mu mzinda wotentha wa Colombo, momwe mapoloti ankachepa. Pa nyumba yomwe anajambulira mayi waluso la nsalu za batik, Ena de Silva, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, sanaike nyumba pakati pa poloti n'kusiya timipata topanda ntchito m'mbali. Anakankhira zipinda kumalire, n'kusiya bwalo lalikulu pakati, lozunguliridwa ndi makonde, mtengo uli momwemo. Wodutsa mumsewu ankangoona khoma ndi chitseko, koma wolowa ankapeza thambo, mthunzi ndi mphepo m'kati mwa nyumba. Nyumbayo inakondedwa kwambiri moti malowo atagulitsidwa, anaiphwasula mosamala n'kukaimanganso ku Lunuganga, kumunda kwa Bawa.

Malamulo a makhonsolo athu amafuna kuti nyumba isiye mpata kuchokera kumalire, choncho pulani iyenera kuvomerezedwa kaye. Komabe nyumba yopindika ngati chilembo cha L kapena U imatheka pa poloti wamba, ndipo imabala bwalo lobisika komwe ana angasewere amayi akuwaona ali kukitchini. Bwalolo lisathiridwe simenti lonse. Simenti ndi njerwa zoyala zimasunga kutentha n'kukubwezera m'nyumba madzulo, ndiponso zimathamangitsira madzi a mvula kwa anansi. Kapinga, timiyala ndi mtengo umodzi wa mthunzi zimaziziritsa mphepo isanafike pakhonde ndipo zimagwira fumbi la m'Seputembala. Mango ndi mapeyala abzalidwe mamita angapo kutali ndi maziko, chifukwa mizu yake imang'amba nyumba. Pafupi ndi khonde pamayenera mandimu, mapapaya ndi maluwa oyanga.

Amene ali pa lendi sangagumule khoma la landilodi, koma sali manja lende. Mphasa ziwiri zopachika pa waya kumbali ya dzuwa, mpando woluka, zitini zobzalamo tsabola ndi timbewu tonunkhira, ndi kuchotsa katundu wakufa yemwe amaunjikana pakhomo, zimabweza malo omwe anatayika. Kusuntha sofa yomwe yatseka windo n'kwaulere.

Kwa amene akumanga pang'onopang'ono, monga timamangira ambiri, chofunika ndi kukumba ndi kuthira maziko a khonde tsiku limodzi ndi a nyumba, ngakhale denga lake lidzabwere chaka china. Khonde lophatikiza pambuyo limatitimira palokha, pamsoko pamang'ambika, ndipo mng'aluwo ndi njira ya madzi ndi chiswe. Denga lake likhale lapadera, lolumikizidwa kukhoma m'munsi mwa denga lalikulu, osati malata a nyumba ongopitirira. Mphepo yamkuntho imagwira denga kuchokera kunsi, pamalo otseguka ngati amenewa, ndipo ikazula la khonde lisatenge la nyumba yonse. Nsanamira zimangiriridwe ku maziko ndi zitsulo, ndipo mitengo ya denga imangidwe ku nsanamirazo ndi waya wokhuthala kapena malamba achitsulo, osadalira misomali yokha. Zonsezi zilembedwe pa pulani ndi pa mndandanda wa zogula kuyambira pachiyambi, kuti tsiku lochepetsa ndalama likadzafika, mwininyumba ndi mmisiri adzakambirane zodula akudziwa mtengo weniweni wa gawo lililonse.